Mowa Umene Susasa: Mbiri ya Kachasu Pakati Pathu

Agogo anga aakazi akafuna kufulula mowa, mudzi wonse unkadziwa kudakali sabata yathunthu. Ankaviika chimanga kapena mawere, n'kufunditsa masamba a nthochi mpaka zitamera, kenaka n'kuyanika padzuwa kuti chikhale chimera. Linalipo tsiku losinja, tsiku lotunga madzi, tsiku loteleka mbiya zikuluzikulu pamafuwa, tsiku lothira chimera, ndi tsiku lowiritsanso. Ana tinkadikira tsiku la thobwa, poti gawo lathu linali lomwelo. Likadutsa, zam'mbiyazo zinkasanduka za akuluakulu. Ndipo mowa ukapsa sunkadikira munthu. Pakapita masiku awiri kapena atatu unkasasa, wotsala n'kutayidwa kudzala.

Kusasa kumeneku ndakhala ndikukuganizira kwa zaka zambiri. Mowa wa makolo unali ndi malire amene sanaikidwe ndi mfumu kapena mpingo. Unkafuna chimanga chotsala m'nkhokwe, choncho unali wa nyengo yokolola, osati wa Januwale. Unkafuna manja ambiri ndi masiku ambiri. Unali wolemera kunyamula, wosatheka kubisa, ndiponso wosasungika. Munthu sakanatha kuuika kunsi kwa mphasa kuti azimwa yekha m'bandakucha uliwonse. Pofuna kumwa ankayenera kupita kumene kuli anthu, n'kukhala pansi, n'kudikira chipanda chimodzi chimene chinkazungulira bwalo lonse.

Mowawo unalinso ndi chifukwa chake. Wina unali wa dima, wothokozera anthu amene abwera kudzalima m'munda mwa mnzawo. Wina unali wa chinamwali, wina wa m'meto, wina wa chikumbutso cha malemu, wina wa nsembe imene akuluakulu ankathira pakachisi mvula ikakana. Mwini mowa ankayamba kulawa pamaso pa onse posonyeza kuti mulibe choipa. Mfumu inali ndi mtsuko wake. Mnyamata wosakwatira akapezeka pabwalopo, ndiye kuti watumidwa kudzapereka madzi kapena nkhuni.

Sindikunena kuti kale kunalibe kuledzera. Mawu akuti chidakwa ndi mbiyang'ambe sanabwere pa sitima. Milandu yambiri ya pabwalo la mfumu inkayambira pamowa, ndipo mabanja ena ankagona ndi njala chifukwa chimanga chinathera m'mbiya. Mowa wa masese umaphanso ukafululidwa ndi ufa woipa. Mu Januwale 2015 ku Chitima, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, anthu 75 anamwalira atamwa masese a kumeneko otchedwa pombe pochokera kumaliro. Mbiri inawanda yakuti wina anathiramo ndulu ya ng'ona, koma akatswiri atafufuza anapeza poizoni wotchedwa bongkrekic acid, wopangidwa ndi tizilombo timene tinaswana mu ufa umene unanyowa ndi madzi osefukira. Komabe, masese mphamvu yake ndi yochepa, kawirikawiri magawo 3 mpaka 5 pa 100 alionse, ndipo ndi chakudya ndithu. Mimba imakhuta mutu usanatheretu.

Kachasu ndi nkhani ina, ndipo dzina lake lomwe limaulula kwawo. Ndi mawu a Chipwitikizi akuti cachaça, mowa waukali wa nzimbe umene unatchuka ku Brazil, umenenso amalonda a akapolo ankagulira anthu m'madoko a Angola. Apwitikizi anakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'zaka za m'ma 1530, ndipo patapita nthawi anatsegula minda ikuluikulu ya prazo m'mbali mwa Zambezi, yolonderedwa ndi asilikali awo Achikunda. Luso lotcheza linakwera ndi mitsinje, Zambezi, Shire ndi Luangwa, pamodzi ndi mfuti, nsalu ndi mikanda. Akuluakulu ena amasimba kuti mpope woyamba wotchezera unali mpope wa mfuti ya gogodela. Mowa waukali unali kale pakati pa malonda a minyanga m'chigwa cha Shire atsamunda asanakhazikitse boma. Mu 1884 mzungu wamalonda George Fenwick, amene poyamba anagwirako ntchito pamishoni ya Blantyre, anawombera mfumu ya Amakololo Chipatula atakangana pa za ndalama za minyanga ali pamowa, ndipo iyenso anthu a mfumuyo anamupha.

Kutcheza ndi nzeru yapafupi koma yoopsa. Mayi amatenga madeya, shuga ndi madzi n'kuzisiya mumgolo kwa masiku angapo kuti ziwire zokha. Kuchigwa ena amagwiritsa ntchito masau kapena nzimbe. Zikapsa amazithira mumphika, n'kuvundikira, n'kumata m'mbali monse kuti nthunzi isathawe koma idzere mumpope umodzi wokha. Mpopewo umadutsa m'madzi ozizira, m'kabwato kosema kapena m'tayala lakale, ndipo kumapeto kwake kumakhala botolo. Chimene chimaledzeretsa mumowa, chimene asayansi amati ethanol, chimasanduka nthunzi pa madigiri 78, madzi asanawire. Ndiye chimathawa choyamba, n'kuzizira mumpope, n'kudontha m'botolo chili choyera ngati madzi a pachitsime. Botolo loyamba amalitcha mutu. Ukawaza pang'ono pamoto, malawi amalilima. Mphamvu ya mutu imatha kuposa ya mowa waukali wa kufakitale, umene umakhala pa magawo 40 pa 100.

Taonani tsono chimene mpope uja unachita. Unachotsa chakudya chonse chimene chinali m'masese, n'kusiya ukali wokhawokha. Mowa umene unkafuna mbiya ndi anthu awiri onyamula unalowa m'velemoti yokwana m'thumba la jekete. Koposa zonse, unaleka kusasa. Kachasu wa lero ali bwinobwino mwezi wamawa. Atha kugulitsidwa pang'onopang'ono, atha kukongozedwa, atha kumwedwa ndi munthu mmodzi kuseri kwa nkhokwe dzuwa lisanatuluke. Sadikira dima kapena chikumbutso. Malire onse aja anagwa nthawi imodzi popanda wina kuwagwetsa dala.

Maboma a ku Ulaya anayesa kuika malire awoawo. Pangano la ku Brussels la 1890 linaletsa kapena kuchepetsa malonda a mowa waukali m'chigawo chachikulu cha Africa, kuyambira digiri 20 kumpoto mpaka digiri 22 kumwera, ndipo dziko limene Angerezi analitenga mu 1891, lodzatchedwa Nyasaland mu 1907, linali m'kati mwake. Kwa zaka zambiri munthu wakuda sankaloledwa kugula mowa waukali wa azungu, pamene bwana ankamwa wake pakhonde madzulo alionse. Kutcheza kunali mlandu. Amishoni a ku Scotland ku Livingstonia, ndi a Dutch Reformed ku Mvera ndi Nkhoma, analetsa akhristu awo mowa, ndipo mpaka lero m'mipingo yambiri wofulula kapena wakumwa amadulidwa. Chotsatira chake sichinali kutha kwa kachasu. Anangosamukira kudambo, kumunda, m'mapanga a m'phiri, kumene utsi suoneka msanga.

Boma lomwelo limene linkaletsa ndilo linkafuna msonkho wa nyumba, ndipo msonkhowo unkafuna ndalama. Amuna anapita kuthangata, ena ku Halale, ena ku Joni pa Wenela, ena ku migodi ya mkuwa ku Northern Rhodesia. Ambiri anatchona. Mkazi wotsala ndi ana pakhomo analibe ntchito yolembedwa, analibe munda wa fodya m'dzina lake. Chimene anali nacho ndi madeya, nkhuni, mphika ndi luso la manja ake. Mowa, umene kale unali wopatsana, unasanduka malonda, ndipo anali malonda a amayi. Kukula kwa nkhaniyi kunaoneka pa njala ya 1949. Boma litaletsa kufulula pofuna kupulumutsa chimanga, amayi ambiri a m'madera ozungulira Blantyre anatsala opanda njira iliyonse yopezera ndalama yogulira chakudya, monga anafotokozera katswiri wa mbiri yakale Megan Vaughan m'buku lake lonena za njalayo.

Apa mpamene ndimalephera kuloza chala mayi wotcheza. Alipo aphunzitsi, anamwino, ngakhale abusa, amene fizi yawo inachokera m'velemoti. Ambiri sanena, koma amadziwa. Mayi yemweyo amakhala tsiku lonse mu utsi, amapirira mwano wa oledzera pakhomo pake, ana ake aakazi amakulira pakati pa amuna osadziletsa. Sanasankhe ntchitoyo chifukwa choikonda.

Amuna a kumigodi nawo anabwera ndi kamwedwe kena. Ku Durban, lamulo la 1908 linapatsa khonsolo ya mzinda mphamvu yakuti iyo yokha ndiyo izifulula ndi kugulitsa mowa wa anthu akuda m'maholo akuluakulu, phindu lake n'kumayendetsera makomboni. Njira imeneyi inafalikira ku Salisbury, ku Bulawayo ndi ku Copperbelt. Kumeneko mwamuna ankamwa kutali ndi mkazi wake, kutali ndi malume ake, pa tsiku la malipiro, ndi cholinga choiwala mgodi. Pobwerera kumudzi ankabwera ndi njinga, wailesi, sutikesi, komanso chizolowezi chomwa chifukwa m'thumba muli ndalama. Amalume anga anali mmodzi wa otere. Anabwerako ndi luso la ukalipentala, ndipo zitseko zimene anakhoma zikadalipo m'mudzi mwathu.

Ufulu utabwera mu 1964, mowa unalowa m'gulu la zizindikiro za chitukuko. Mu 1968 Carlsberg inatsegula fakitale ku Blantyre, yoyamba ya kampaniyo kunja kwa Denmark. Chibuku anatenga masese a kumudzi n'kuwaika m'mapaketi. Koma chimene chinasintha kwambiri kachasu si mafakitale a mowa ayi, ndi shuga. Nchalo inayamba kupanga shuga mu 1966, Dwangwa n'kutsatira kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Shuga atafika m'golosale iliyonse, kutcheza kunaleka kudalira nyengo ya zipatso kapena nzimbe za kudimba. Walira mvula walira matope. Shuga yemwe anakometsa tiyi ndi phala la ana ndiye anachititsa kuti mpope uzidontha chaka chonse.

Azaumoyo anayamba kuona zotsatira zake. Mu 1969 Neil McGlashan anasindikiza kafukufuku wosonyeza kuti madera amene khansa ya kummero inali yochuluka, makamaka kum'mawa kwa Zambia ndi ku Malawi, analinso madera a kachasu. Kuyambira pamenepo akatswiri apeza kuti nthendayi ili ndi zoyambitsa zingapo, monga fodya, utsi wa nkhuni ndi zakumwa zotentha kwambiri, koma Malawi akadali m'gulu la mayiko amene khansa imeneyi ndi yochuluka kwambiri padziko lonse, ndipo kuyambira 1988 bungwe lofufuza za khansa la IARC limaika mowa pa mndandanda wa zinthu zoyambitsa khansa mosakayikitsa. Wodwala amayamba kutsamwa nsima, kenaka phala, pomaliza ngakhale madzi.

Chiwindi ndicho chimasenza katundu wamkulu. Ntchito yake ndi kuphwanya mowa, ndipo pophwanyapo pamatuluka poizoni wotchedwa acetaldehyde amene amachipsereza pang'onopang'ono. Chimayamba kuchita mafuta, kenaka zipsera, mpaka kuuma gwa. Chiwindi sichilira msanga. Pamene maso achita chikasu, mapazi atupa, mimba yadzaza madzi ngati ya mayi woyembekezera, kapena munthu wayamba kusanza magazi, zinthu zimakhala zitafika kale patali. Kwathu kuno ambiri ali kale ndi kachilombo ka hepatitis B osadziwa, ndiye chiwindi chimamenyedwa mbali ziwiri. Onjezani njala. Wakumwa kachasu nthawi zambiri sadya, ndipo mowa pamimba yopanda kanthu umagwetsa shuga wa m'magazi. Ndiwo aja amapezeka m'mawa wa mu Juni atauma m'mbali mwa njira, anthu n'kumati awapotokola khosi afiti. Ena khungu limada ndi kusupuka m'khosi ndi m'mikono, kutsekula m'mimba kosatha, mutu kusokonekera, chifukwa thupi lasowa mavitamini amene nsima yokha siingapereke. Chifuwa chachikulu chimakonda thupi lotere. Amene ali pa ma ARV amayamba kudumphitsa mankhwala. Mayi woyembekezera akamamwa, mwana atha kubadwa ndi ubongo wovulala kale, ndipo chilemacho sichichoka.

Bungwe la WHO linati mu 2019 mowa unapha anthu 2.6 miliyoni padziko lonse, 2 miliyoni mwa iwo amuna, ndipo poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu, Ulaya ndi Africa ndiwo anali patsogolo. Chodabwitsa n'chakuti Amalawi ambiri samwa n'komwe. Kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti akumwa anali pafupifupi amuna 3 mwa 10 alionse, ndipo akazi sankakwana mmodzi mwa 20. Vuto lathu lili pa kamwedwe ka ochepawo, kofuna kugwa, ndi pa ukali wa chimene akumwacho.

Kenaka kunabwera masacheti a mowa waukali. Kachasu, ngakhale anagwetsa malire ambiri, anasiyako amodzi. Unkayenera kupita pakhomo pa munthu wokudziwa, amene akanatha kukuuza kuti, “Iwe ndiwe mwana, choka pano ndisanawauze amako.” Sacheti inalibe pakhomo. Inali pa benchi ya wogulitsa maswiti, pa depoti, pa geti la sukulu, pamtengo umene mwana akanatha kuupeza posunga ndalama ya chakudya cha pa buleki. Inkalowa m'thumba la yunifolomu, m'sokosi, m'chikwama cha mabuku. Wakabaza ankang'amba ndi mano ali pa chishalo, kondakitala ali pakhomo la minibasi. Tsono opanga sanali amayi a kudambo, anali makampani okhala ndi ziphaso, olipira msonkho. Aphunzitsi, mafumu ndi atsogoleri a mipingo anadandaula kwa zaka. Zambia inaletsa masacheti ake otchedwa tujilijili mu Epulo 2012. Malawi anakhazikitsa malamulo oletsa masacheti mu 2015, opanga ena n'kuthamangira kukhoti, ndipo mu 2017 boma linakhazikitsa ndondomeko ya dziko yokhudza mowa. Tanzania inaletsa ake otchedwa viroba chaka chomwecho.

Kuletsako kunali koyenera, ndipo ndimakuyamikira. Koma mowa uja unangosintha chovala. Unalowa m'timabotolo ta pulasitiki, unalowa m'zigubu za malita asanu zimene amapungulira m'tikapu pamsika. Ndipo pamene palibe woyang'anira, ena amasakaniza ndi spiriti wa m'mafakitale amene muli methanol, poizoni amene amayamba ndi kuchititsa khungu n'kumalizira kupha. Mu 2024 anthu angapo anamwalira ku Blantyre atamwa mowa umene akumwa okha anaupatsa dzina lakuti Ambuye Ntengeni. Dzina limenelo limandipweteka kuposa chiwerengero cha omwalira. Anthu amene amatcha chakumwa chawo motero akudziwa chimene chili m'kapu. Mayiko ena anayesa njira ina. Uganda mu 1965 inakhazikitsa lamulo lakuti otcheza enguli, kachasu wa kumeneko, akhale ndi ziphaso n'kumagulitsa ku fakitale kuti akayengedwenso, ndipo Kenya mu 2010 inaloleza wake wotchedwa chang'aa pofuna kuti aziyezedwa. Konseko kutcheza kobisa sikunathe, poti wosauka amatsata kumene kuli kotchipa.

M'mbiri yonseyi, kuyambira ku Brussels mpaka pa masacheti, malamulo akhala akulimbana ndi botolo ndi wogulitsa. Wakumwa uja tamusiyira mlaliki ndi wapolisi. Timati ndi wopanda khalidwe, wofooka, wolodzedwa. Koma munthu akamwa kwambiri tsiku ndi tsiku kwa zaka, ubongo wake umasintha kagwiridwe ka ntchito kuti uzitha kuyenda mowa uli m'magazi. Mowa ukachoka, thupi lonse limachita ngati galimoto yopanda mabuleki. Manja amanjenjemera, thukuta limatuluka, mtima umathamanga, tulo timasowa. Kumene timati kuchotsa matsire, kwa munthu wotere kumakhala kuthawa ululu weniweni. Akasiya mwadzidzidzi atha kukomoka ngati wakhunyu, ndipo pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu atha kuyamba kuona zinthu zimene palibe. Ena amafa nako. N'chifukwa chake wozama chotere amafunika kusiyira m'manja mwa achipatala, amene ali ndi mankhwala oziziritsa thupi ndi vitamini B1 woteteza ubongo. Malo othandiza anthu otere alipo, monga chipatala cha Zomba Mental ndi a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, koma kwa munthu wa ku Nsanje kapena ku Mchinji amene wagulitsa kale njinga ndi mbuzi, ndi kutali.

Amalume anga anasiya mowa kamodzi, mwa okha, tsiku limene mdzukulu wawo anabadwa. Analumbira pamaso pa mayi anga. Usiku wachitatu anayamba kukuwa kuti linthumbu lalowa m'nyumba, akudzikuntha thupi lonse, pamene pansi panali posesa bwino. Abale ena anati tipite kwa sing'anga. Mayi anakakamira za kuchipatala, ndipo namwino atangowaona anafunsa kuti, “Bambowa amaliza liti kumwa?” Anagonako masiku asanu. Potuluka anandigwira dzanja n'kunena kuti, “Mwanawe, ine ndimayesa ndikulimbana ndi botolo, osadziwa kuti lili m'kati mwangamu.” Anakhala miyezi isanu ndi iwiri osalawa. Anakhomanso mipando, ananenepa, anayambanso kuseka. Koma kunalibe wowayendera, kunalibe gulu la anzawo osiya mowa loti azikhala nalo madzulo, ndipo njira yochokera kumsika inkadutsa pakhomo pomwe ankagula kachasu. Anamwalira patapita zaka zitatu, mimba itatupa, maso ali chikasu.

Pamaliro pawo, mayi amene ankawagulitsa kachasu anabwera m'mamawa atasenza mtolo wa nkhuni ndi kalichero ka ufa. Anali wamasiye, wolera adzukulu anayi. Anakhala kuseri pamodzi ndi amayi anzake, akusonkhezera moto ndi kutunga madzi mpaka madzulo. Titabwerako kumanda anafika pamene panakhala mayi anga, n'kugwada, n'kutulutsa kope laling'ono m'nsalu. Anatsegula tsamba limene panali dzina la amalume ndi mizere yambirimbiri ya ngongole, n'kuling'amba, n'kulipereka m'manja mwa mayi.

“Pepani, achemwali,” anatero. “Izi zathera pomwepa.”

Mayi analandira pepalalo ndi manja awiri. Sanayankhe.